Nyimbo Zokana Tsankho ndi Dzina la Samora Machel

Phunziro lathu la lero likuyambira pa mtondo.

Ndili mwana ndinkakhala ndi agogo anga aakazi kumudzi, kufupi ndi msewu wochokera ku Mandimba kupita ku Cuamba. Madzulo akamasinja chimanga, agogo ankaimba. Nyimbo zina zinali zoseketsa. Koma inalipo imodzi imene akaiyamba nkhope yawo inkasintha, ndipo munsi unkagwa mwamphamvu. Nyimboyo inkanena za munda wa thonje ndi za manja otupa. Ine ndinkangovomera, osadziwa tanthauzo lake. Agogo anamwalira ndisanawafunse. Lero ndimangokumbukira kamvekedwe kake. Mawu ake ambiri anapita nawo kumanda.

Nyimbo zotere zikutha pamodzi ndi eni ake. Tsono m'phunziro ili tiona zinthu zitatu. Tiona chimene tsankho linali. Tiona m'mene anthu analikanira ndi nyimbo. Tionanso m'mene nyimbo zasungira dzina la mtsogoleri Samora Machel. Ena mwa inu munaona ndi maso zimene ine ndangomva ndi kuwerenga. Pamene ndaperewera, mundiwonjezere.

TSANKHO LINALI CHIYANI?

Tsankho ndiko kusiyanitsa anthu chifukwa cha khungu lawo kapena mtundu wawo. Wina apatsidwa ulemu, wina anyozedwa, chonsecho onse ndi anthu. Pa nthawi ya atsamunda tsankho silinali mumtima mokha ayi. Linalembedwa m'malamulo.

Kuyambira mu 1891 mpaka mu 1929, Niassa ndi Cabo Delgado zinaperekedwa m'manja mwa kampani yotchedwa Companhia do Niassa. Kampaniyo inkatolera msonkho wa nyumba ndi kugwiritsa anthu ntchito mokakamiza. Itachoka, boma la Apwitikizi linayamba kulamulira lokha. Malamulo ake anagawa anthu pawiri. Azungu anali nzika. Anthu akuda ankatchedwa indígenas, ndipo analibe ufulu wa nzika. Munthu wakuda akafuna kuwerengedwa ngati nzika, ankayenera kulankhula ndi kulemba Chipwitikizi, kusiya miyambo ya makolo ake, ndi kukhala ndi ntchito ya malipiro. Akatero ankatchedwa assimilado. Mu 1950 dziko lino linali ndi anthu oposa mamiliyoni asanu, koma anthu otere sanakwane ndi 5,000 omwe.

Nanga munthu wamba ankakhala bwanji? Ankayenda ndi chitupa chotchedwa caderneta. Sakanatha kuchoka m'dera lake popanda chilolezo cha chefe do posto. Mwamuna ankayenera kuonetsa kuti wagwira ntchito yovomerezeka miyezi 6 pa chaka. Akalephera, asipayi ankamugwira ndi kupita naye ku chibalo, kukalima msewu, kukamanga njanji kapena kukagwira ntchito m'minda ya azungu. Wokana ankamenyedwa m'manja ndi palmatória, thabwa la mabowo lija limene akuluakulu ena amati mbalamatodya.

Ana a azungu anali ndi sukulu zawo za boma. Ana a anthu akuda ankapita ku sukulu zoyambira za mishoni, ndipo ambiri sanapite konse. Ndi chifukwa chake pofika mu 1975, mwa anthu 10 alionse, 9 sankadziwa kuwerenga. Ngakhale malo athu anali ndi maina achilendo. Cuamba ankatchedwa Nova Freixo. Lichinga ankatchedwa Vila Cabral.

Lamulo la indígenas linathetsedwa mu 1961. Koma khalidwe lonyoza munthu wakuda linakhalabe mpaka atsamunda anachoka.

THONJE NDI MTONDO

Kuyambira mu 1938 boma la atsamunda linalimbikira kukakamiza anthu kulima thonje. Madera a Cuamba ali ndi nthaka yokomera thonje, tsono sanapulumuke. Kapitawo ankabwera kudzayeza munda wa banja lililonse. Mtengo ankauika ndi boma. Wogula anali kampani imodzi yokha, kotero mlimi sakanatha kukana mtengo. Choipa china ndi chakuti nthawi yopalira thonje ndi yomweyonso yopalira chimanga ndi mapira. Thonje likakhwima, nkhokwe inali yopanda kanthu.

Anthu sanangokhala chete. Ena ankaphika mbewu za thonje usiku asanabzale, kuti zisamere ndipo kapitawo aganize kuti nthaka ndi yoipa. Ena anathawira ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi, ndi kukagwira ntchito m'minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi ku Thyolo. Otsala pamudzi ankaimba.

Chifukwa ninji ankaimba? Pali zifukwa zitatu.

Choyamba, munthu wolankhula poyera ankamangidwa, koma nyimbo ilibe mwini mmodzi. Wina atsogolera, onse avomera. Msipayi agwira yani?

Chachiwiri, nyimbo imabisa mawu. Chefe do posto sankamva bwino Chinyanja, Chiyao kapena Chimakua. Ngakhale msipayi wakumva chilankhulo ankasowa pogwira, pakuti nyimbo imatha kunena za fisi pamene ikunena za munthu.

Chachitatu, nyimbo sifuna pepala. Kalata amatha kuilanda ndi kuitentha. Nyimbo imakhala m'mutu. Imayenda usiku popanda chitupa, ndipo imaoloka malire.

Njira imeneyi sinali yachilendo. Kuyambira kale mwambo unalola kuti mkazi adandaule pa mtondo za mwamuna waulesi kapena za apongozi ovuta, ndipo panalibe womuimba mlandu. Atsamunda atabwera, amayi anatenga mwambo womwewo ndi kulowetsamo kapitawo, msipayi ndi wotolera msonkho.

NYIMBO ZA KU ZAMBEZI NDI ZA ACHOPI

Sikuno kokha kumene anthu ankaimba chotere. Tiyeni tione zitsanzo ziwiri za m'dziko lathu lomwe lino.

Kumunsi kwa mtsinje wa Zambezi, ku Mopeia, ku Luabo ndi ku Marromeu, kunali minda ikuluikulu ya nzimbe ya kampani yotchedwa Sena Sugar Estates. Anthu a kumeneko anali ndi nyimbo yotchuka yotchedwa Paiva. Paiva linali dzina la banja la Apwitikizi la Paiva Raposo, limene linali ndi mphamvu m'deralo kuyambira zaka za m'ma 1800. Anthu a banjalo anamwalira, koma dzinalo linatsala m'nyimbo. Kapitawo aliyense wankhanza anakhala Paiva. Kampani yonse inakhala Paiva. Amuna ankaiimba m'munda ndi pa bwato, amayi pa mtondo ndi pa gule. M'badwo uliwonse unkawonjezera madandaulo ake, ndipo nyimboyo inkamvekabe pamene dziko linalandira ufulu. Ana amene sanaone chiyambi cha mavutowo anachidziwa chifukwa cha nyimbo.

Kumwera, m'boma la Zavala ku Inhambane, kuli Achopi. Iwo amaimba timbila, zida zamatabwa zonga mangolongondo kapena ulimba, ndipo amaziimba ambiri pamodzi. Cha m'ma 1940 kunali akatswiri awiri odziwika, Katini ndi Gomukomu. Nyimbo zawo zinkadandaula za msonkho, za chibalo ndi za mafumu oikidwa ndi atsamunda. Ankaziimba pa bwalo, masana, khamu likuonerera. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza timbila ngati chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. M'chaka chomwecho linalemekezanso Gule Wamkulu wa Achewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia.

KU JONI

Amuna ambiri a ku Mozambique ndi ku Malawi ankapita ku migodi ya golide ya ku Johannesburg, kumene timati ku Joni. Kumeneko anakapeza tsankho lina, lokhwima kuposa. Mu 1948 boma la azungu la South Africa linakhazikitsa malamulo otchedwa apartheid, ndiko kunena kulekanitsa. Sukulu, zipatala, mabasi, ngakhale mabenchi okhalapo, zonse zinagawidwa potsata khungu. Pa 21 Malichi 1960, ku Sharpeville, apolisi anaombera anthu amene ankakana zitupa, ndipo anapha anthu osachepera 69.

Kumenekonso anthu anayankha ndi nyimbo. Vuyisile Mini anali mtsogoleri wa antchito ku Port Elizabeth, ndiponso wopeka nyimbo wa mawu aakulu. Anapeka nyimbo yochenjeza Hendrik Verwoerd, mmisiri wamkulu wa apartheid. Boma linamupachika ku Pretoria pa 6 Novembala 1964 pamodzi ndi anzake awiri. Akaidi amene anali m'ndende yomweyo anachitira umboni kuti anapita kokaphedwa akuimba.

Miriam Makeba anali mayi woimba wotchuka. Mu 1960, ali kunja, amake anamwalira. Boma linamukaniza kubwera kudzaika maliro. Mu 1963 anakalankhula ku United Nations za nkhanza za apartheid, ndipo nyimbo zake zinaletsedwa kwawo. Anakhala kunja zaka 30. Hugh Masekela, woliza lipenga, nayenso anakhala kunja. Mu 1974 anatulutsa nyimbo yotchedwa Stimela. Nyimboyo imanena za sitima ya malasha yonyamula amuna ochokera ku Mozambique ndi maiko ena, kupita nawo ku migodi. Ngati m'banja mwanu munali munthu amene anapita ku Joni osabwerako, nyimbo imeneyo ikunena za inu.

NYIMBO ZA NKHONDO YA UFULU

Tsopano tibwerere kwathu. Pa 25 Juni 1962 ku Dar es Salaam kunabadwa Frelimo. Mtsogoleri wake woyamba anali Eduardo Mondlane. Iye ankalidziwa tsankho la mbali zonse ziwiri. Anabadwira ku Gaza pansi pa Apwitikizi, ndipo mu 1949 boma la apartheid linamuchotsa pa yunivesite ya ku Johannesburg kumene ankaphunzira.

Nkhondo ya ufulu inayamba pa 25 Sepitembala 1964. Cabo Delgado ndi Niassa ndizo zinali zigawo zoyamba. Mu Julayi 1968 Frelimo inachita msonkhano wake waukulu wachiwiri ku Matchedje, kumpoto kwa Niassa, pafupi ndi mtsinje wa Rovuma. Unachitikira m'dziko mwathu momwe muno, atsamunda akadalipo.

Ankhondo a ufulu ankachokera m'mitundu yosiyana: Amakonde, Anyanja, Ayao, Amakua, Asena, Ashangana ndi ena. Poyamba sankamvana chilankhulo. Nyimbo ndi magule zinawathandiza kukhala amodzi. Wa ku nyanja ankaphunzitsa anzake mganda ndi chiwoda, wa ku Mueda ankaonetsa mapiko, wa kumwera ankaonetsa makwayela. Ankaimba poguba, posenza katundu ndi polima minda ya m'madera omasulidwa. Nyimbo za pa mtondo zinali zodandaula. Nyimbo zatsopanozi zinali zoitana anthu kuti adzuke.

Pa 3 Febuluwale 1969 Mondlane anaphedwa ku Dar es Salaam ndi bomba lobisidwa m'buku. Ndi chifukwa chake tsiku limeneli ndi Tsiku la Ngwazi m'dziko lathu. Mu 1970 Frelimo inasankha Samora Machel kukhala mtsogoleri.

MTSOGOLERI WOIMBA

Samora Moisés Machel anabadwa pa 29 Sepitembala 1933 ku Chilembene, m'chigawo cha Gaza. Makolo ake anali alimi, ndipo anaona mavuto a thonje lokakamiza. Mkulu wake anafera ku migodi ya ku South Africa. Iye anaphunzira unamwino nagwira ntchito pa chipatala cha ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo. Kumeneko anaona kuti namwino wakuda ankalandira zochepa kuposa namwino mzungu, ntchito ili yofanana. Mu 1963 anathawa kukalowa Frelimo, nakaphunzira usilikali ku Algeria. Pa nthawi ya nkhondo anayenda m'nkhalango za Niassa pamodzi ndi ankhondo ake.

Amene anamuona pa msonkhano amakumbukira chinthu chimodzi: Samora ankaimba. Asanayambe kulankhula ankatsogolera nyimbo, khamu ndi kuvomera. Pakati pa mawu ake ankafunsa mafunso, anthu ndi kuyankha. Imodzi mwa nyimbo zimene ankakonda inali Kanimambo Frelimo. Liwu lakuti kanimambo m'chilankhulo cha kumwera ndilo zikomo. Ankadziwa kuti ambiri mwa omumvera sankawerenga nyuzipepala, ndipo ambiri sankamva Chipwitikizi. Koma nyimbo aliyense ankapita nayo kunyumba.

Chiphunzitso chake pa nkhani ya tsankho chinali chomveka. Ankati mdani sadziwika ndi khungu. Mdani ndi munthu wodyera anzake masuku pamutu, kaya ndi woyera kaya ndi wakuda. Ankadananso ndi kusankhana mitundu pakati pa ife tokha. M'boma lake munali anthu akuda, azungu, ndi anthu a makolo ochokera ku India. Kwa boma la apartheid chimenechi chinali choopsa, pakuti pafupi ndi malire ake panabadwa dziko lonena kuti khungu silipatsa munthu udindo.

Dziko lathu linalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Achinyamata akuda a ku South Africa anali atasangalala kale. Mu Sepitembala 1974 anakonza misonkhano yokondwerera kupambana kwa Frelimo, ndipo atsogoleri awo anamangidwa. Miriam Makeba anabwera ku chikondwerero cha ufulu wathu ngati nthumwi ya dziko la Guinea. Mwana wake, Bongi Makeba, anapeka nyimbo yotchedwa A Luta Continua, kutanthauza kuti nkhondo ikupitirira. Awa anali mawu a Frelimo. Nyimboyo imatchula Samora Machel ndi dzina, ndipo Makeba anaiimba m'maiko ambiri. Chotero mayi woletsedwa kwawo anatenga dzina la mtsogoleri wathu ndi kulifikitsa kutali.

MNZAKO AKAPSA NDEVU

Akuluakulu amati mnzako akapsa ndevu mzimire. Boma la Samora linathandiza omenyera ufulu a ku Zimbabwe, ndipo mu 1976 linatseka malire ndi Rhodesia. Linalandiranso othawa a chipani cha ANC cha ku South Africa. Koma pozimira mnzathu moto unatigwira ifenso.

Pa 30 Januwale 1981 asilikali a South Africa analowa ku Matola, pafupi ndi Maputo, ndi kupha anthu a ANC m'nyumba zawo. Gulu la Renamo linayamba ndi chithandizo cha Rhodesia, ndipo kuyambira mu 1980 linkathandizidwa ndi South Africa. Pambuyo pake nkhondoyo inasanduka ya pachibale, ndipo anthu wamba anavutika m'manja mwa mbali zonse ziwiri. Inu a ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba simufuna kuuzidwa. Midzi inapsa. Njanji ya ku Lichinga inaonongeka. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Pa 16 Malichi 1984 Samora anasaina pangano la Nkomati ndi P. W. Botha kuti nkhondo ithe, koma asilikali a South Africa anapitiriza kuthandiza Renamo mobisa. Mtendere unabwera pa 4 Okutobala 1992 ndi pangano la ku Roma.

Samora sanauone mtenderewo. Usiku wa pa 19 Okutobala 1986 ankabwera pa ndege kuchokera ku msonkhano wa ku Mbala, ku Zambia. Ndegeyo inagwa m'mapiri a ku Mbuzini, m'dziko la South Africa, pafupi ndi malire athu. Anthu 35 anafa, ndipo Samora anali mmodzi wa iwo. Anali ndi zaka 53. Ofufuza oikidwa ndi boma la South Africa anati analakwitsa ndi oyendetsa ndege. Akatswiri a ku Soviet Union anati ndegeyo inasocheretsedwa dala ndi chizindikiro chabodza cha wailesi. Mkangano umenewu sunathe mpaka lero.

ZITOLIRO ZA KU MBUZINI

Pa nthawi imeneyo Nelson Mandela anali m'ndende. Anaweruzidwa mu 1964 kuti akhale m'ndende moyo wake wonse. Chithunzi chake ndi mawu ake zinali zoletsedwa, kuti anthu amuiwale. Koma oimba sanalole. Mu 1987 Hugh Masekela anatulutsa nyimbo yopempha kuti Mandela abwerere kwawo. M'chaka chomwecho Johnny Clegg, mzungu woimba m'Chizulu pamodzi ndi anzake akuda, anatulutsa Asimbonanga, kutanthauza kuti sitinamuone. Boma linaletsa nyimbozi, koma anthu ankazimvera mobisa. Mandela anatuluka pa 11 Febuluwale 1990, ndipo mu 1994 anakhala pulezidenti. Apartheid inagwa. Mu 1998 Mandela anakwatira mayi Graça Machel, amene anali mkazi wa Samora.

Pa 19 Januwale 1999 Mandela ndi Joaquim Chissano anatsegula chipilala cha chikumbutso ku Mbuzini, pamalo pomwe ndege inagwera. Anachikonza ndi José Forjaz, mmisiri wa zomangamanga wa ku Mozambique. Iye anaimika mipope yachitsulo 35, umodzi wa munthu aliyense amene anafa. Mipopeyo ili ndi timabowo. Mphepo ya m'phiri ikaomba, imalira ngati zitoliro, kapena ngati amayi pa maliro. Taonani, ngakhale amisiri a simenti ndi chitsulo anaona kuti munthu uyu sangakumbukiridwe ndi mwala wosalankhula.

TIKUMBUKIRE ZONSE

Kukumbukira mtsogoleri sikutanthauza kumutamanda kokha. Ife a ku Niassa tili ndi mbali ina ya nkhaniyi. Pa nthawi ya Samora anthu ambiri anasamutsidwa kusiya minda ndi manda a makolo awo, kukakhala m'midzi ya pamodzi. Ena anapita mofuna, ena mokakamizidwa. M'nkhalango za Niassa munali misasa yotchedwa ya kuphunzitsanso anthu, monga wa ku M'telela, ndipo ena amene analowamo sanabwerere. Mu 1983 kunachitika Operação Produção. Anthu zikwi zambiri a m'mizinda ya Maputo ndi Beira, amene boma linati alibe ntchito, ananyamulidwa ndi kudzatulidwa ku Niassa ndi ku Cabo Delgado, kutali ndi abale awo. M'chaka chomwecho boma linaika lamulo lokwapula olakwa ndi chikoti, ndipo linathetsedwa mu 1989.

Zimenezi sizifafaniza zabwino. Lamulo lonena kuti wakuda si nzika silinabwerenso. Sukulu ndi zipatala zinatsegukira onse. Mu 1978 boma linayambitsa ntchito yaikulu yophunzitsa akuluakulu kulemba ndi kuwerenga. Koma zabwinozo sizifafanizanso zowawa. Mbiri yoona imasunga zonse ziwiri, monga m'mene mtondo unkasungira nyimbo zoseketsa ndi zolira zomwe.

Dzina la Samora likadali m'kamwa mwa oimba. Boma linatcha 2011 Chaka cha Samora Machel. Achinyamata amene anabadwa iye atamwalira kale amamvera mawu ake pa wailesi ndi pa foni. Oimba monga Azagaia, amene anamwalira mu 2023, ankakumbutsa anthu za Samora podzudzula katangale. Apa tiona kuti nyimbo yokumbukira mtsogoleri wakufa imakhalanso funso kwa atsogoleri amoyo.

NTCHITO YATHU

Makolo athu sanaloledwe kugwira cholembera, tsono anasunga mbiri yawo m'nyimbo. Anachita mbali yawo. Koma lero chigayo chalowa m'malo mwa mtondo, ndipo amene anavutika ndi thonje lokakamiza atsala ochepa. Nyimbo imene inapulumuka kwa asipayi ingathe kufa chifukwa chosowa woifunsa.

Inu mukuphunzira kulemba. Cholembera chimene agogo anu anamanidwa chili m'manja mwanu. Pitani kwa agogo a m'mudzi mwanu. Khalani nawo pansi mwaulemu. Apempheni akuimbireni nyimbo ya chibalo, ya thonje, ya ku Joni, ya nkhondo ya ufulu, kapena ya pa maliro a Samora. Afunseni kuti ankaimba ndani, ankaimbira kuti, ndipo inkatanthauza chiyani. Lembani m'chilankhulo chomwe aimbiramo, kaya ndi Chinyanja, Chiyao kapena Chimakua. Mukalakwitsa zilembo musachite manyazi, tidzakonzera pamodzi. Ngati woimbayo ndinu nomwe, ndiye mwayi waukulu: imbani, mnzanu alembe.

Mawu a akulu akoma akagonera. Ine ndinachedwa kufunsa agogo anga. Inu musachedwe.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi munthu wakuda ankayenera kuchita chiyani kuti atchedwe assimilado?
2. Tchulani zifukwa zitatu zimene anthu ankadandaulira m'nyimbo m'malo molankhula poyera.
3. Kodi dzina la Paiva linasintha bwanji tanthauzo m'nyimbo ya ku Zambezi?
4. Samora ankati mdani amadziwika ndi chiyani?
5. Chifukwa ninji ku Mbuzini kuli mipope 35?
6. Kodi m'mudzi mwathu mukadali kusankhana chifukwa cha mtundu, chilankhulo kapena chipembedzo? Tingakuthetse bwanji?

ZOLEMBA

Lembani mawu awa m'kope mwanu: nyimbo, tsankho, mtondo, thonje, ufulu, mtendere.

Lembani chiganizo chimodzi chokhala ndi liwu lakuti nyimbo.

Sabata yamawa aliyense abwere ndi nyimbo imodzi yakale, yolemba kapena ya m'mutu.